Tsiku limene ndinathira mankhwala anga m'maso mwa alamu

Wina anena kuti ndikukokomeza, koma zimene ndikusimbazi zinachitikadi, dzuwa lili pamutu, m'chigafa mwathu kufupi ndi Mitundu, ndipo amene tinkasankha nawo fodya tsikulo alipo mpaka lero.

Ine ndili ndi matenda a maso amene achipatala amati gulokoma, oti madzi amachuluka m'diso n'kumafinya mtsempha woonera, munthu n'kuyamba kusaona za m'mbali. Anandipatsa kabotolo koti ndizidontheza m'mawa ndi madzulo, n'kundiuza kuti kuona kumene kunapita sikubwerera, mankhwalawo amangolondera kotsalako. Koma ine, pakamwa panga ndimapadziwa, ndinazungulira mudzi wonse kutama kuti ndapeza mankhwala otsuka maso, chonsecho ndikadontheza ndinkaona mbuu kwa kanthawi.

Ndiye tsikulo alamu anga, akazi a mchimwene wanga, amene anachokera ku Nathenje kudzatithandiza, anafiira maso ndi fumbi la fodya. Anandipempha kadontho, nanga ndikanamukana bwanji munthu woti wasiya ntchito zake kudzagwira zanga? Si paja amati kupatsa n'kuika? Ndinawathira madontho awiri diso lililonse, mosaumira. Zoti amadwala mphumu ndinkazidziwa bwino, koma ndani akanaganiza kuti za m'maso zingafike m'chifuwa?

Sipanapite nthawi, ndinamva kulira ngati kwa kamwana ka mphaka, ndipo poti za m'mbali sindiona, ndinachita kutembenuka thupi lonse. Anali alamu, atagwira mzati, akukoka mpweya koma osalowa, milomo ikuda. Mantha otere sindinachitepo chibadwire. Ena anayamba kunong'ona zoti pali amene wawalodza, koma ine ndinakuwira wa njinga yamoto, tinawakhazika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, kabotolo kali m'thumba.

Kuchipatala atawaika pa mpweya, manyazi ndinawaika pambali n'kuulula ndekha. Dokotala atawerenga kabotoloko anagwira mutu. Anati mankhwala amtunduwu amatsikira kumphuno n'kulowa m'magazi, amachedwetsa mtima ndi kupanikiza njira za mpweya, moti munthu wa mphumu angafe nawo. Anandikumbutsa kuti ineyo asanandipatse mankhwalawo, achipatala anandifunsa kaye za chifuwa ndi mtima, ndiponso kuti dontho lililonse limene ndagawa ndabera maso anga omwe.

Alamu anatuluka patatha masiku atatu, koma mchimwene wanga anatha mwezi osandilankhula, ndipo sindimuimba mlandu. Lero ndimakhulupirira kuti m'chigafa muja simunalowe mfiti, munali ine ndi chifundo changa chopanda nzeru. Mankhwala anga ndimadontheza osaphonya, kuona kotsalako ndikadali nako, ndipo wondipempha kadontho ndimamukanira maso ali gwa. Inunso amene muli ndi kabotolo kotere, wa diso lofiira mumuperekeze kuchipatala. Akakunenani kuti ndinu omana, alekeni, bola akuneneni akupuma.