Memoriya ya ku Quelimane

Munthu ameneyo sindinamukhululukire. Ndikunena poyambirira pomwe kuti wina asadikire zoti pamapeto tigwirana chanza.

Anali mlembi wamkulu wa bungwe lathu la alimi ku Milange, zaka zija tinkamanganso nyumba titabwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Iye nkhondo yonse anaithera ku Quelimane, pa desiki, ndipo ankafuna tizimutchula kuti a shefe, ndiye kuti bwana m'Chipwitikizi. Ife obwerera ankatitcha "a ku Malawi", ngati kuti tinapita kukacheza. Ine ndinali wotayipa. Kutayipako ndinaphunzira kumsasa, pamodzi ndi Chingerezi changa chochepacho, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa ana anga awiri, poti bambo wawo tinawasiya m'manda a kumsasa komweko.

Bungwe linali ndi laputopu imodzi, yotisiyira mzungu wina wa zothandiza anthu pamene ankalongedza. Inali yakuda, yolemera, ndipo inabwera ndi buku lake la Chingerezi limene a shefe sankalikhudza n'komwe. Ndinkalembamo mayina a mabanja olandira mbewu, a ku Mongue ndi a ku Molumbo, komanso makalata opita kuboma. Inali yochedwa, zimenezo sindikana. Ukaiyatsa unkatha kusesa ofesi yonse isanadzuke.

Kuchedwako kunkawawawa a shefe makamaka kukabwera alendo. Tsiku lina anapita kumsonkhano ku Quelimane, n'kubwerako ndi kanthu kokulunga m'pepala. Anadzakafunyulula pa desiki panga, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Inali memoriya, kabolodi kobiriwira kotalika ngati chala, kamene kompyuta imasungiramo zimene ikugwira panthawiyo.

"Yakaleyo ndi ya 66," anatero. "Iyi ndi ya 133. Kawiri. Tsegula uike."

Buku lija ndinali nditaliwerenga lonse, masiku amene magetsi ankathima n'kutisiya tili manja lende. Ndinatembenuza kabolodiko n'kuona kuti kukula kwake, kuchuluka kwa zimene kangasunge, kunali kofanana ndi kwa yakale ija. Wogulitsa anawakopa ndi nambala ya liwiro yokha. Koma memoriya siyendera liwiro lake. Pakati pa iyo ndi purosesa, ubongo wa makinawo, pali njira yodutsamo zonse, ndipo njira ya laputopu yathu inali ya 66. Memoriya yothamanga ikalowa mmenemo imatsika n'kumayenda 66 yomweyo.

"A shefe, igwira ntchito, koma sisintha kanthu," ndinatero. "Zili ngati msewu wa ku Molumbo mvula ikagwa. Kaya njinga yanu ndi yatsopano, mukankha ngati anzanu onse. Mukanagula yaikulu, yosunga zambiri, bwenzi zitasinthako."

Ndikuvomera kuti ndinalankhula mokweza, ndiponso pabenchi panali alimi awiri odikira makalata. Mmodzi anaseka.

"Sukulu ya kumsasa," anatero a shefe. "Ndati ika."

Ndinamasula tizomangira tiwiri kunsi kwa laputopu, n'kuchotsa yakale, n'kulowetsa yawoyo. Yakaleyo ndinaiika m'envelopu n'kuponya m'dirowa. Nditayatsa, a shefe anaima kumbuyo kwanga maso ali pa wotchi yawo yapamkono. Laputopu inachedwa monga mwa masiku onse. Anandiuza kuti ndizimitse, ndiyatsenso. Chimodzimodzi. Anatuluka.

Patatha sabata, mayi wina wogulitsa matimati pamsika anandifunsa motsitsa mawu ngati zinali zoona kuti ndinagulitsa chitsulo cha m'laputopu ya bungwe ku Muloza, tsidya la Malawi. Loweruka lililonse ndinkawoloka malire kukagula shuga ndi sopo, monga ankachitira aliyense. A shefe anatola ulendo umenewo n'kuumba nawo nkhani: akuti memoriya yawo yabwino ija ndinaisinthitsa, m'makina ndinabwezeramo yakale, ndiye chifukwa chake sizinasinthe. Lamlungu kutchalitchi mayi amene tinkakhala benchi imodzi anasuntha chikwama chake n'kuchiika mbali inayo. Ndinapsa mtima, Misa yonse sindinamve liwu ndi limodzi lomwe.

Komiti inakumana pakhonde la parishi, masana, anthu asanu ndi awiri ndi ena ongobwera kudzaonerera. Wapampando anali a katekisiti, mkulu amene anatsogolera mapemphero pa maliro a amuna anga kumsasa. A shefe analankhula nthawi yaitali, theka Chipwitikizi, kuti katundu wa bungwe sangakhale m'manja mwa anthu amene mtima wawo udakali kutsidya. Anati ndichotsedwe ntchito.

Ndinatembenuza laputopu pamaso pa onse, n'kumasula, n'kutulutsa memoriya. Ndinaipereka kwa a katekisiti kuti awerenge okha kapepala komatidwapo. Anavala magalasi n'kuwerenga kuti 133. Kabolodiko kanayenda m'manja mwa onse asanu ndi awiri. Kenako ndinatulutsa envelopu ija n'kuika yakale, ndipo ndinapempha a shefe kuti awerenge nthawi pa wotchi yawo yomweyo. Titatero ndinabwezeramo yatsopano, n'kuyatsanso. Nthawi inali yofanana.

Ndikanalekera pomwepo. Koma mtima unali utadzaza kwa masabata awiri.

"Wakuba alipo ndithu," ndinatero. "Ali ku Quelimane, m'sitolo. Anangokuonani mukulowa n'kudziwa kuti apa pabwera munthu wosadziwa kanthu."

A shefe anavula wotchi n'kuiika m'thumba.

A katekisiti anandiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki yamadzi.

"Mwana wanga, kuba sunabe, tonse taona," anatero. "Koma wachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Makalata athu kuboma amayenda chifukwa cha iye, akuluakulu a kumeneko ndi anzake. Akanena kuti kaya iwe kaya iye, komiti isankha iye. Pita ukagwade, upepese."

"Nanga iwo andipepesa? Anditcha wakuba msika wonse."

"Iye ndi wamkulu."

"Bambo, inu munaika amuna anga m'manda. Mukundidziwa."

"N'chifukwa chake ndikukuuza. Ana aja adya chiyani?"

Ndinawada a katekisiti nthawi imeneyo, mwina kuposa a shefe, chifukwa ankanena zoona. Munda wathu wakale unali utalimidwa ndi ena pamene tinali kumsasa, ndipo kamunda kamene ndinapatsidwa sikakanatifikitsa ngakhale mu Disembala. Mwana wanga wamkulu anali atangoyamba sukulu.

Ndinabwerera pakhonde. Ndinakonza chitenje n'kugwada pa simenti, patsogolo pa nsapato zawo zopolishidwa.

"Pepani a shefe. Ndinalakwa kulankhula."

Anandisiya chigwadire kanthawi, akuyang'ana kumsewu. Kenako anati ndidzuke ndiyatsenso laputopu, memoriya yawo ili momwemo. Ndinayatsa. Tonse tinadikira, nthawi yomwe ija imene aliyense anali ataiwerenga kawiri. Itadzuka, a shefe anandifunsa mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Nanga tsopano, ikuthamanga?"

Ndinayang'ana a katekisiti. Iwo ankapukuta magalasi awo.

"Ikuthamanga, a shefe," ndinatero.