Telala wa Akatumba Akuluakulu

Amuna anga ndinawaona koyamba atakhala pamphasa, pakhonde la golosale ku Katuli. Inali nthawi imene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza midzi yakwathu, ena kwa abale awo, ena m'zisakasa kuseri kwa msika. Amuna angawo anafika ndi mayi awo ndi mutu wa makina osokera wokulunga m'chiguduli. Ine ndinapitako kukasoketsa diresi ya Idi.

Pofuna kundiyeza, sanadzuke monga adzukira wina aliyense. Anayamba agwada, manja pansi, kenako manja pamaondo, kenako pantchafu, kudzikwera okha mpaka anaima. Chonsecho akatumba a miyendo yawo anali odzaza ngati a munthu wopalasa njinga ya makala. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire.

"Sekani, achemwali," anatero, "koma musagwedezeke, diresi ingatalike mbali imodzi."

Diresi inatha m'masiku atatu, koma ine sindinasiye kupitako. Lero batani lathothoka, mawa mpendero wamasuka. Mabatani ena ndinkachita kuwathothola ndekha.

Nkhani ya ukwati itafika pakhomo, bambo anga anakana. Anati munthu wa miyendo yotero osagwira khasu, ndiye kuti ndi waulesi, apo ayi anamuchita kwawoko. Amalume, amene anali ankhoswe anga, sanatsutsane nawo. Anangoti, "Alamu, tiyeni tikamve kaye kuchipatala."

Tinakwera lole ya nandolo kupita kuboma, amalume, telalayo ndi ine. Amuna anayi ndiwo anawakweza pamwamba pa matumba. Njira yonse yotsika mapiri amuna anga ankaimba nyimbo za Chipwitikizi, ndipo amayi ena amene anathawa nawo limodzi ankavomereza, fumbi lili m'kamwa.

Dokotala anawayendetsa m'chipinda, anawakhazika pansi n'kuwauza kuti adzuke, anawatenga magazi. Kenako anafunsa ngati kuchikazi kwawo kunali mwamuna wina wotere. Iwo anadabwa. Mlongo wa mayi awo ankayenda mopendama chimodzimodzi, ndipo atakula ankangokhala.

Titabwerera tsiku limene anatiuza, dokotala anafotokoza. Anati m'minofu ya munthu muli puloteni ina yosaoneka ndi maso, imene imagwiriziza timaulusi ta mnofu kuti tisang'ambike pogwira ntchito. Mwa iwo puloteniyo inalipo koma yoperewera, ndiye timaulusito tinkatha pang'onopang'ono, m'malo mwake n'kumalowa mafuta. N'chifukwa chake akatumba ankaoneka aakulu koma opanda mphamvu.

"Nanga akamadya chambo tsiku lililonse?" anafunsa amalume.

Dokotala anaseka. Anati imeneyo siichokera m'mbale, zoterezi munthu amabadwa nazo, ndipo zimadzera kwa mayi. Sizipatsirana. Mankhwala ochiza panalibe. Anawalangiza kuti asamanyamule zolemera, azibwera kudzapimitsa mtima, ndipo akapeza madzi azisambira. Anandiyang'ananso ine n'kunena mosabisa kuti miyendoyo idzapitiriza kufooka, ndiponso kuti ana athu aakazi angadzapatsire ana awo aamuna.

Tinatuluka panja. Amuna anga anati, "Mwamva nokha. Mukafuna kubwerera, sindikwiya."

Ndinawayankha kuti ndinamva zonse, ndipo panalibe chimene sindinachione kale pakhonde paja.

Amalume anali ndi mnzawo msodzi ku Nkopola, ndiye anati tisabwerere kumudzi tisanayese malangizo a dokotala. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Amuna anga anali asanalowepo m'nyanja. Analowa atagwira phewa la amalume, madzi m'maondo, m'chiuno, mpaka m'chifuwa. Kenako anawasiya. Anakweza mwendo umodzi, anakweza winawo, n'kudumpha. Munthu amene chikhalire sanadumphepo ngakhale ngalande!

"Taonani! Ndapepuka ngati usipa!" anakuwa.

Asodzi amene ankasoka maukonde pamchenga anasiya ntchito n'kumaomba m'manja osadziwa n'komwe chifukwa chake. Ine ndinalowa ndi chitenje chomwe. Amuna anga anamwa madzi kawiri, anatsokomola, koma kutuluka anakana mpaka zala zinachita makwinya.

Kumudzi amalume anauza bambo anga mwachidule kuti si ulesi, si ufiti, n'chibadwa. M'mawa mwake bambo anatulutsa mkanjo wawo wa Lachisanu umene unang'ambika m'khwapa, n'kundipatsa. "Kapereke kwa telala wakoyo, tione ngati manja ake ali bwino."

Ndowa yathu, ukwati wa Chisilamu, inachitika titakolola. Ashehe anamanga ukwati, amuna anavina sikiri mpaka thukuta, ndipo mkwati anakhala pampando pakati pawo akuwaimbira ndi mawu aakulu kuposa onse.

Nkhondo itatha, magalimoto anabwera kudzatenga anthu. Apongozi anga anapita, amuna anga anatsala. Tinasamukira kuboma, pafupi ndi msika, kumene ndinaphunzira kudula nsalu iwo akusoka. Miyendo itakana, amisiri a njinga anawawotcherera njinga yamatayala atatu yopalasa ndi manja. Ana athu awiri ankakwera kumbuyo popita ku madarasa, akulimbirana belu, ndipo apanjinga onse a pamsikapo ankawapatukira.