Chilatini changa pa maliro a bambo Zakariya

Ansembe atathawa nkhondo ku Chidzolomondo, kunagwa maliro a bambo Zakariya, mkulu wa kwaya. Akazi awo anandigwira dzanja nati, "Inu munapitako ku seminaliyo. Apempherereni m'Chilatini, ankachikonda."

Sindinawauze kuti kumeneko anandichotsa nditalephera Chilatinicho. M'mutu munangotsala jerundivo, timawu tonena zoyenera kuchitidwa, timene tinkaloweza ndi chikwapu. Ndinaima pamanda n'kuyamba kuimba: "Amandus, amanda, amandum." Ndinabwerezabwereza mpaka thukuta kamukamu, anthu akuyankha "Amen" mwaulemu.

Pobwerera, mayiwo anandifunsa tanthauzo lake.

"Akuti woyenera kukondedwa," ndinayankha, maso ali pansi.

Anapukuta misozi. "Zoonadi. Pemphero limeneli mudzandichitirenso ine."

Ndinavomeranso. Akadali moyo, ndipo saiwala.