Mitanda ya njanji ndi khadi ya ababa

Salaam aleikum nonse.

Lero mdzukulu wanga Shakira wabwera kuchokera ku madrasa akulira. Akuti powerenga manambala m'Chiarabu, akangodutsa miya, ndiye kuti handiredi, mutu umaima.

Ndamutengera kunjanji konkuno ku Liwonde kuti tiziwerenga mitanda, monga ankachitira nafe ababa nthawi ya chipani chimodzi. Mukukumbuka? Phazi lililonse nambala yake, ukalakwitsa ababa ankangotsokomola. Mwana wafika pa miya zitatu akuseka!

Nditawaimbira achemwali a Patuma ku Balaka kuwafotokozera, andiseka. Akuti, "Iwe Saidi, unkayesa inali sukulu? Ababa analibe khadi ya chipani, pabasi akanawatsitsa, n'chifukwa chake maulendo tinkayenda wapansi kutsata njanji. Ankakuwerengetsa kuti uiwale kuwawa kwa miyendo."

Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kuti tsiku lomwe ndinafika pa alifu, sauzande yathunthu, ababa anandinyamula paphewa chifukwa chonyadira. Achemwali akuti iyayi, mapazi anga anali atatupa.

Shakira akufuna kukafika pa alifu Loweruka. Ndiye abale, ndimuuze za khadiyo, kapena ndingomunyamula?