Jekeseni wa Kutsidya kwa Lupande

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mawondo anga anayamba kutupa. Zinayamba ndi zilonda za kukhosi, zomwe kwathu ku Mambwe palibe ankaziwerengera. Amayi anandipatsa madzi ofunda a mchere kuti ndizichukucha, ululu unatha, ndinabwerera kusukulu. Patapita milungu ingapo thupi linatentha. Bondo linatupa, litaphwa chinatupa chigongono, ululu ukungosamukasamuka. Kenako ndinayamba kuchita befu ngakhale popita kuchitsime.

Atate anali mlimi wa thonje, munthu wosalankhulalankhula, amene anatsikira kuchigwa kuno kuchokera kumtunda ali mnyamata. Anandikweza panjinga kupita ku kiliniki, kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Munali mu Okutobala, mtsinje uli mchenga wokhawokha wootcha kumapazi. Adokotala anamvetsera pachifuwa panga nthawi yaitali, kenako anachotsa chomvera chija m'makutu mwawo n'kuwaveka atate. Atate anati akumva ngati mpweya ukutuluka pa chubu chobooka.

Adokotala anafotokoza kuti tizilombo tomwe tinayambitsa zilonda za kukhosi zija sitinaphedwe ndi mankhwala, ndipo thupi langa, polimbana nato, linavulazanso kachitseko ka mumtima komwe kamaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Kachitsekoko sikakanabwereranso mwakale. Chomwe chikanatheka n'kukateteza, chifukwa tizilomboto tikabweranso kakanawonongeka kuposa apo. Motero ndinayenera kubayidwa jekeseni wa penisilini mwezi uliwonse mpaka nditakula.

Jekeseni ameneyo anali wowawa. Mankhwala ake anali oyera, olimba ngati phala, ndipo ankalowa pang'onopang'ono. Pobwerera ndinkakhala pa kaliyala ndi thako limodzi.

Pofika mu Febuluwale ndinali nditachira. Ndinkasenza ndowa, ndinkalowa nawo m'munda, masaya anabwerera. Mvula inagwa sabata yathunthu, ndipo tsiku la jekeseni litayandikira, Lupande anali atadzaza mpaka m'minda ya m'mbali. Amalume, alongo awo a amayi, anabwera kudzalankhula ndi atate. Sanali munthu woipa, ndipo ankandikonda kwambiri. Anati mwana wachira, aliyense akuona, nanga n'kumubayiranji ngati ng'ombe? Anati mumtsinje muli ng'ona ndi mitengo yokokoloka, ndipo kudikira madzi aphwe si mlandu. Amayi anangowerama, chifukwa nawonso ankaopa madziwo.

Atate anamvetsera mpaka amalume anamaliza. Kenako anati, “Alamu, inu mukuona masaya. Ine ndinamva mtima wake ndi makutu angawa. Madzi amenewa angakhale mpaka mwezi wa mawa.”

Tinanyamuka m'mawa. Dothi lakuda la kuchigwa likanyowa limamata ngati ulimbo, ndipo tisanafike patali mateyala a njinga anasiya kuzungulira. Atate anakolopola matope ndi kamtengo, tinayenda pang'ono, anamatanso. Pomaliza anaisiya njingayo pakhomo pa anthu omwe sitinkawadziwa n'komwe, tinapitiriza wapansi. M'nkhalango ya mitengo ya tsanya tinapeza ndowe za njovu zikadali kutuluka nthunzi. Atate anatola tsamba louma n'kulitaya m'mwamba kuti aone komwe mphepo ikupita, ndipo tinalambalala kudzera m'thengo, minga ikundikala m'miyendo. Nditayamba kupuma mofulumira anandibereka, ngakhale ndinali msungwana wamkulu woti miyendo yanga inkawagunda m'mawondo.

Mtsinje tinaumva tisanauone. Madzi anali ofiira, akununkha matope, akutenga nthambi ndi mapesi a chimanga cha anthu. Mwini bwato, a Mbewe, anakana kutiolotsa. Atate sanawakakamize. Tinakhala pansi pa mtengo, tinadya mbatata zomwe amayi anatimangira, tikungoyang'ana madzi. Dzuwa litapendeka mitengo yokokoloka inachepa, ndipo a Mbewe anaimirira okha n'kunena kuti ndikhale pakati, manja ndisawatulutse kunja. Atate anakhala kumbuyo kwanga atandipana ndi mawondo awo. Bwato linapita cham'mbali, madzi akulikankha, ndipo tinakocheza kumunsi kwenikweni, kutali ndi doko. Atate anatsika pambuyo panga. Sankadziwa kusambira.

Tinafika ku kiliniki anesi akutseka mawindo. Anatiyang'ana matope athuwo, nafunsa kuti, “Mwaswera bwanji? Mwaoloka Lupande lero?” Atate anangovomera ndi mutu. Anesi anatsegulanso kabati ya mankhwala. Tsiku limenelo sindinalire. Ndinaluma mlomo, ndipo potuluka ndinayenda mowongoka, kuti atate aone kuti mwana amene amuolotsa ndi munthu wolimba. Tinagona kwa achibale a kutchalitchi, n'kubwerera m'mawa mwake.

Amalume sanatsutsenso. Chaka chotsatira, atate atadwala malungo, ndi amalumewo amene anandiperekeza. Nditafika giredi naini ndinayamba kupita ndekha panjinga, ndipo sindinadumphepo mwezi.

Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Chipata, chifukwa mimba imalemetsa mtima wovulala. Anandiunika ndi makina oonetsa mtima ukugunda. Adokotala a kumeneko anati kachitseko kaja kakudontha pang'ono chabe, ndipo ndingathe kubereka bwino. Anati ambiri odwala matendawa amawafikira mochedwa, miyendo itatupa, chifukwa anasiya jekeseni atangomva bwino. Anafunsa kuti anandilimbikitsa ndani. Ndinati atate anga, mlimi wa thonje ku Mambwe. Nditakawauza mawu amenewa atate, anali akusankha thonje pakhonde. Anaseka pang'ono, n'kupempha amayi kuti aphe nkhuku.

Lero ndine mphunzitsi, ndili ndi ana awiri, ndipo makwerero ndimakwera osapumira panjira. Ndili mwana ndinkaganiza kuti kulimba mtima kwa atate kunali m'bwato muja. Tsopano ndimaona kuti chovuta kwambiri chinali china: kupitirizabe kutengera kuchipatala mwana wooneka wathanzi, mwezi ndi mwezi, abale akudabwa, udzu ukumera m'munda, popanda chooneka choti n'kuloza kuti ichi ndicho tapindula. Phindu lake linali matenda amene sanabwerenso, ndipo zoterozo palibe amaziyamikira pamudzi. Ine ndimaziyamikira. Anthu akandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndimatchula dzina la atate mokweza.