Mbale ya a Ferenando inanditema pamanda pawo

Zinayamba ndi nsagwada. M'mawa wina chaka chatha, mvula isanagwe, ndinalephera kutsegula pakamwa kuti ndilume chinangwa. Khosi linali gwa. Bala la kuphazi ndinali nditaliiwala kale.

Balalo ndinalitenga pamanda a malume anga, a Ferenando. Anali msodzi pa nyanja ya Chiuta mpaka boma linawatenga kukamenya nkhondo akadali mnyamata. Ankalondera sitima ya pamtunda yodutsa pa siteshoni ya Entre Lagos, ndipo anawomberedwa akutulutsa ana m'bogi yoyaka moto. Chaka chilichonse abale timalambula manda awo, pamene tinaikapo mbale yachitsulo imene ankadyera ku nkhondo. Tsikulo amuna ankangomwa kachasu, ine ndikulima ndekha. Ndinawatukwana onse, ndipo pochoka mwaukali ndinaponda mbaleyo. Inali yadzimbiri, inanditema.

Thupi litayamba kuuma, msana kupindikira kumbuyo, abale anati mzimu wa malume wandilowa. Anakana kunditengera kuchipatala. Anandigoneka pamphasa pakhonde kuti anthu aone zimene zimagwera wonyoza akufa. Msuweni wanga ankabwera kudzandichitira sawatcha.

"Wauma ngati msilikali pa pelete! Tukwananso tione."

Ndinkamva zonse, mano atalumana, mkodzo ukunyowetsa mphasa. Amayi anali kumanda, kuthira ufa ndi kupepesa mlongo wawo.

Amene anandichotsapo ndi a Juwawo, nkhalamba ya mwendo umodzi imene inamenya nkhondo limodzi ndi malume. Anaitana njinga yamoto, nandimangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa.

Kuchipatala namwino anangoti, "Ndi kafumbata. Mumadikira chiyani?" Anatsuka bala, anandibaya jakisoni, anandiika soro, madzi aja olowera m'mtsempha. Chipinda chinali chamdima, chifukwa kuwala kapena kugwa kwa sipuni kunkandikoka minofu yonse. Phala linkadzera m'paipi ya m'mphuno. Ndinalowa m'chipatala minda ili fumbi, ndinatuluka anthu akupalira.

Mwa abale onse ankabwera ndi amayi okha. A Juwawo ankadikira pabenchi panja. Nditayamba kupeza bwino anandiuza kuti malume anawabereka kumsana usiku ndi usana mwendo wawo utaphulika, ndipo munthu wotero sangazunze mwana wa mlongo wake chifukwa cha mbale.

Lero ndimayenda, ndimatafuna, koma bwato sindipalasa nthawi yaitali, msana umakana. Msuweni uja sindimulankhula. Chitsulo chikakutemani, ngakhale cha pamanda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, nsagwada zisanagwirane. Musadikire kuti abale akuvomerezeni. Anga anandiyalira mphasa n'kukhala pansi kuonerera.