Msana wa Mkamwini

Munda umene apongozi anga anatipatsa unali pamalo otsetsereka, m'munsi mwa phiri la Zomba, moyang'anana ndi mtsinje wa Likangala. Kunena zoona anaupereka kwa mwana wawo, mkazi wanga. Ine ndinali khasu lobwera ndi ukwati. Lamulo lake linali limodzi ndipo silinkabisidwa: mundawo ukaoneka kuti watikanika, upita kwa mng'ono wa mkazi wanga. Mwamuna wake, mkamwini mnzangayo, ankalima ngati anachita kumutemera mankhwala. Akawerama m'mamawa ankaweramuka pokhapokha akafuna kukataya madzi.

Ine ndinali kalaliki wosunga mafayilo mu ofesi ina ya boma, tikukhala nyumba ya lendi ku Chikamveka. Mundawo ndiwo unkatidyetsa, chifukwa malipiro anga ankafika pakhomo atatha kale mphamvu. Makuponi a feteleza wotsika mtengo ife ogwira ntchito m'boma sankatipatsa, ati ndife olemera. Choncho chaka ndi chaka ndinkagula feteleza wodula, n'kulemba aganyu opanga mizere, kenaka madzi ochokera m'phiri ankakokolola feteleza ndi nthaka yomwe n'kukazitula mumtsinje. Nsomba za ku Chilwa ziyenera kuti zinanenepa nane.

Amene anandipatsa nzeru zatsopano ndi mlangizi wa zaulimi yemwe ankabwerabwera ku ofesi kwathu kudzalondola fayilo yake. Pomwe fayiloyo inkapezeka, iye anali atanditembenuza kale mtima. Anati kuli ulimi wa mtayakhasu: osagalauza, osapanga mizere, osatentha mapesi. Mapesiwo umawayala m'munda monse, mvula ikagwa n'kungobowola mapando n'kudzala. Nthaka sikokoloka, chinyezi chimakhalitsa, za aganyu umaiwala, ndipo mapesi akamaola feteleza wogula amanka nachepa. Kwa munthu wa manja ofewa ngati ine, uwu unali uthenga wabwino.

Mapesi a m'munda mwathu anali ochepa, ndiye Loweruka lililonse ndinkapempha kwa anthu amene ankafuna kutentha awo. Ankandipatsa mokondwa, ena n'kundisenzetsa, ine n'kumakwera nawo chitunda thukuta lili kamukamu. Pofika mwezi wa Okutobala minda yonse ya m'mudzi mwa apongozi inali itasosedwa, mizere yake ili ndandanda ngati ana a sukulu pa mzere. Wathu wokha unkaoneka ngati pogona ng'ombe. Ine ndinkaunyadira kwambiri.

Tsono kwawo kwa mkazi wanga mkamwini sayankhulana ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Mukakumana m'njira, mmodzi amapatukira patchire. Chikwatirireni, apongozi anga ndinkawadziwa ndi kumbuyo kwa duku lawo ndi chifuwa chomveka kuseri kwa khitchini. Mawu aliwonse pakati pathu ankadzera mwa mkazi wanga.

Tsiku lina tili kumudziko iye anabwera pamene ndinakhala.

"Abambo, amayi akufunsa. Akuti khasu lanu linabedwa?"

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Ndinamufotokozera za kukokoloka kwa nthaka, za chinyezi, za nyongolotsi zimene zimalima m'malo mwa munthu, za mtengo wa feteleza ndi tsogolo la dziko lathu. Iye ankamvetsera uku akusenda chinangwa. Nditamaliza anapukuta manja, n'kulowera kukhitchini. Sanachedweko ndi pang'ono pomwe.

"Mwawafotokozera zonse zija?" ndinafunsa.

"Ndafupikitsako."

"Ndiye ati bwanji?"

"Ati pepani."

Ndinakondwa. Si apongozi ambiri amene amapepesa mkamwini chifukwa chomukayikira.

Kuyambira pamenepo ulemu wanga m'mudzimo unakwera. Ndikafika ankandithamangira ndi mpando wa ndalema. Madoda ankandilandira chikwama, n'kumandifunsa motsitsa mawu kuti m'thupimu muli bwanji. Mkamwini mnzanga uja anandipeza ndikunyamula mtolo wa mapesi, anandilanda n'kunena kuti, "Iyayi achimwene, musadziphe." Apongozi anatumiza nkhuku. Anatumizanso botolo la madzi a mizu owawa koopsa, mkazi wanga n'kunena kuti ndi opatsa mphamvu. Ndinamwa, nkhuku ija n'kutsukira mkamwa. Mumtima ndinkati anthu akumudzi si ovuta monga amanenera, amangofuna wina wowatsogolera. Ndinakamuuza mlangizi uja kuti mudzi wonse wakhwima, abwere ndi alimi ena adzaone munda wachitsanzo.

Anabweradi Loweruka lina m'mawa, ali ndi alimi a pamwamba pa phiri, aja amalima mbatatesi ndi masitiroberi ogulitsa kwa alendo. Mkazi wanga anali atatsogola dzulo lake. Ine ndinkayenda patsogolo pa gululo, nditavala jekete, ndikufotokoza za nyongolotsi. Tisanafike tinamva nyimbo ya kutchalitchi. Kenaka tinaona utsi.

Titakhota pa nthochi, ndinaona zonse. Mphakati wonse wa tchalitchi cha apongozi unali m'munda mwanga, amayi ndi abambo, makasu akukwera ndi kutsika motsata nyimbo. Mapesi anga onse, amene ndinawasenza chilimwe chathunthu, anali atawaunjika milumilu n'kuwayatsa. Mizere inali itafika kale kumalire a kumtunda. Mkamwini mnzanga anali patsogolo, malaya atavula, akulima ngati munda ndi wake kale.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma mkazi wanga anatulukira pambali panga n'kunditsina m'nthiti.

"Gwirani msana," ananong'ona.

"Msana wa chiyani?"

"Wanuwo. Ndinawauza amayi kuti msana unakuthyokani. Gwirani, anthu akuyang'ana."

"Zonse ndinafotokoza zija munafupikitsa n'kukhala msana?"

"Nanga ndikanati chiyani? Kuti amuna anga akudikira nyongolotsi?"

Nyimbo inaleka. Atcheya a mphakati anabwera akupukuta thukuta ndi chipewa, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mkhristu akadwala asamabise. Anati zinyalala zonse zija azichotsa, ndisadandaulenso. Ndinayang'ana anthu aja. Ena anali okalamba kuposa bambo anga. Anadzuka mbandakucha, kusiya minda yawo, kudzalimira munthu wa tayi amene sankapemphera nawo n'komwe. Kumapeto kwenikweni kunali apongozi anga, atandifulatira, akusalaza mzere ndi kakhasu kawo kakutha. Dzanja langa linapita lokha kumsana. Ndinawerama pang'ono n'kuthokoza, ndipo mawu anga ananjenjemera moti amayi ena anapukuta misozi.

Anandikhazika pamphasa n'kundipempherera. Mlangizi anaima poteropo, chisoti cha njinga yamoto chili m'manja, akuyang'ana utsi ngati munthu amene nyumba yake ikupsa. Alendo a kuphiri aja anazungulira munda wonse mwaulemu. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire, anabwera kudzagwada pafupi nane.

"Mizere yake njowongoka bwino zedi," anatero. "Koma tifunse nawo, achimwene. Mtayakhasu wakeyu ndiye kuti iwe umataya khasu, a mpingo n'kutola?"

Mlangizi anakwera njinga yake osamwa ndi thobwa lomwe.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma walira mvula walira matope. Sabata yotsatira atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, anaitanitsa banja lonse. Anayankhula mwachifundo chachikulu. Anati msana si chimfine, ndipo mpingo sungalimire munthu chaka chilichonse. Anati n'kwabwino mundawo aulime mng'ono wa mkazi wanga ndi mwamuna wake, ife azitigawirako chimanga pokolola. Mkamwini mnzanga anayang'ana pansi ngati sakufuna, koma zala za kumapazi kwake zinkavina. Atsibweniwo anati apongozi anga aganizepo, ayankhe Lamulungu.

Ulendo wobwerera ku Chikamveka ndinkangosinkhasinkha. Ndikati ndikudwala, munda wapita. Ndikati ndili bwino, ndiye kuti ndine waulesi ndiponso wabodza, amene anadya nkhuku ya odwala n'kulimitsa nkhalamba. Ndinaopa kwambiri, chifukwa popanda munda uja ana anga akanamadya mafayilo. Mkazi wanga anati apite akakonze yekha. Ndinakana. Kufupikitsa kwake ndinali nditakuona.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka masana ndinapita ndekha kumudziko. Apongozi anali m'khitchini akusola nandolo. Ndinakhala pamwala kunja, msana ku khoma, maso ku phiri. Pafupi nane panali mbuzi yomangidwa pachikhomo. Popeza mwambo sunkandilola kuyankhula ndi apongozi, ndinayankhula ndi mbuziyo.

"Mbuzi iwe," ndinayamba mokweza, "ukawauze amayi kuti msana wanga ulibe vuto."

M'khitchini nandolo anapitiriza kugwera m'lichero.

"Mbuzi iwe," mawu anatuluka, "uwauze bambowo kuti zimenezo n'zakale. Munthu wothyoka msana sakwera chitunda ndi mtolo wa mapesi ngati bulu. Maso ndili nawo."

Ndinatsala pang'ono kugwa pamwalapo. Ndinafunsa mbuzi kuti nanga nkhuku ija inali ya chiyani, nanga mizu yowawa ija, nanga mphakati anauitana ndani.

"Ndinauitana ndine. Nkhuku inali yoti anthu aone. Mizu ija inali yoti nawonso amveko kuwawa."

Apa ndinapsa mtima. Ndinaiuza mbuzi zonse zimene mkazi wanga anadula: kuti nthaka ya munda uja ikutha, kuti miyala imene kale inali pansi tsopano ili pamtunda, kuti tikapitiriza kugalauza zidzukulu zawo zidzalandira thanthwe. Ndinayankhula nthawi yaitali. Mbuzi inkangobzikula, koma m'khitchini munalibe phokoso la nandolo.

"Za miyalazo sakunama," anatero apongozi pomaliza. "Munda umenewo ndinaulima ndili mtsikana, unkabereka kuposa pano. Kaya zinyalala zawozo zingaubweze, ine sindidziwa."

Atayambanso kuyankhula, mbuzi anaisiya.

"Bambo, tamverani."

Aka kanali koyamba kundiyankhula ine mwini. Ndinavula chipewa ngakhale sankandiona.

"Inu Lolemba mumavala jekete n'kupita ku ofesi. Mwana wanga akabwera kuno amakatunga madzi pamjigo ndi anthu omwewa. Mukudziwa zimene ankamuimbira? Ankati anakwatiwa ndi tayi. Ankati kwawo kulima amalima ndi cholembera. Anabwera kuno akulira, munthu wamkulu wa ana ake. Kudwala kulibe manyazi, bambo. Ulesi ndiwo uli ndi manyazi. Ndiye tinasankha matenda."

Miyezi yonse ija ndinkawerenga za chinyezi ndi nyongolotsi, osadziwa kuti mkazi wanga ankadikira kuti pamjigo pathe anthu ndipo apite. Sanandiuzepo. Ndinamva chisoni, ndipo manyazi anandigwira kuposa tsiku la utsi lija.

"Munda sukupita kulikonse," anapitiriza. "Alongo angawo ndithana nawo ndekha. Koma tigawane. Chigawo cha kumsewu, kumene anthu amadutsa, muzilima ndi khasu, inuyo ndi manja anu, osati aganyu. Kuseri kwa nthochi, kumene kulibe maso, muziyala zinyalala zanuzo. Zikabereka anthu adzazipeza okha, mudzi uno sulephera kusuzumira."

Ndinawomba m'manja kuthokoza, n'kudzuka kuti ndizipita.

"Chinanso," anatero. "Musachire lero lomwe, anthu anakupemphererani aja angadabwe. Muzichira pang'onopang'ono."

Ndinachira mwadongosolo. Mwezi woyamba ndinkayenda ndi ndodo, wachiwiri ndodo ndinkangoinyamula. Atcheya anakachitira umboni kutchalitchi, ndipo mizu ya apongozi inatchuka mpaka ku Mtiya, moti anthu a misana yeniyeni ankabwera kudzaipempha. Chaka chimenecho tinadzala pa mizere ya mphakati, ndipo madzi a m'phiri anatengako gawo lawo monga mwa nthawi zonse.

Chilimwe chotsatira ndinayala mapesi kuseri kwa nthochi mwakachetechete ngati ndikukwirira katundu wakuba. Kenaka ndinagula khasu latsopano mumsika wa Zomba n'kukaima nalo m'mbali mwa msewu. Manja anga anatuluka matuza dzuwa lisanakwere, matuzawo n'kuphulika. Mizere yanga inali yokhotakhota, ndipo mkamwini mnzanga podutsa anaiyang'ana n'kupukusa mutu. Msana unayamba kundiwawa zenizeni, koma panalibe woti ndimuuze.

Chakumasana amayi a m'mudzimo anadutsa pamsewupo akuchokera kumjigo, ndowa zili pamutu. Mkazi wanga anali pakati pawo, osati kumbuyo. Atandiona anaima, ndipo anzakewo anaimanso.

"Abambo!" anaitana mokweza, kuti ndi a kutsidya kwa mtsinje omwe amve. "Mupumeko inu! Chiyambire m'mawa muja!"

Sindinapume. Ndinalavulira m'manja n'kuyamba mzere wina.